Kachirombo ka pa Khomo la Chiberekero ndi Mtendere wa M'banja

Pali nkhani zina zimene Achewa sazikamba pa bwalo. Za m'thupi mwa munthu wamkazi ndi za kumphasa zimakambidwa kutsimba, pakati pa anamkungwi ndi anamwali, kapena m'nyumba pamene ankhoswe aitanidwa. Ndipo ngakhale kumeneko mau ake amakhala ophiphiritsa. Anthu amati "kukhala malo amodzi", amati "ali kumwezi", amati "kumaso" pofuna kutchula ziwalo zobisika. Mwambo umenewu uli ndi ulemu wake, koma pa nthenda imene ifotokozedwa pano wachedwetsa akazi ambiri, pakuti chinthu chosatchulika sichifika msanga ku chipatala. Mphunzitsi wa ana ang'ono sangathe kuilambalala nkhaniyi. Mu January 2019 Boma la Malawi linayamba kupereka katemera wa nthendayi kwa atsikana a zaka 9, makamaka pa sukulu pomwepo. Tsono kholo likakhala ndi funso, silipita kwa dotolo amene ali kutali, koma kwa mphunzitsi amene limakumana naye pa njira.

Chiberekero, chimene akale ankachitcha chibaliro, chiri ngati kamphonda kozondoka, khosi lake loloza pansi. Khosi limenelo, lotalika ngati masentimita 3, ndilo khomo la chiberekero. Pakati pake pali kanjira kamene magazi a msambo amatulukira, mbeu ya mwamuna imalowera, ndipo pa tsiku la kubala kamatseguka kuti mwana adutse. Khomoli lakutidwa ndi khungu la mitundu iwiri. Kunja kwake kuli khungu lolimba, losanjikizana ngati la m'kamwa. M'kati mwa kanjira muli khungu lofewa, lopyapyala, lotulutsa madzi onanda. Pamene makungu awiriwa akumana pali malire, ndipo malirewo sakhala malo amodzi: amasuntha mtsikana akatha msinkhu, amasunthanso pa nthawi ya pakati. Maselo a pamenepo, ndiwo tizidutswa tating'onoting'ono tomanga thupi monga njerwa zimangira nyumba, amakhala ali kusandulika kuchoka ku mtundu wina kunka ku unzake, ndipo chinthu chimene chiri pakati pa kusandulika sichichedwa kupotoka. Pafupifupi khansa yonse ya khomo la chiberekero imayambira pa malire amenewa. Mwa mtsikana wongotha kumene msinkhu, khungu lofewalo limakhala poyera koposa mwa nchembere, ndipo ichi ndi chimodzi cha zifukwa zimene ukwati wa ana uli woopsa. Chinanso choyenera kudziwika nchakuti khomoli liribe mitsempha yambiri yomva kuwawa. Likhoza kuonongeka zaka zambiri mwini wake osamva kanthu.

Kale madotolo anaona kuti nthendayi imatsata moyo wa m'banja, koma chifukwa chake sanachidziwe. M'chaka cha 1842 dotolo wa ku Verona, m'dziko la Italy, dzina lake Domenico Rigoni-Stern, anasanthula mabuku a anthu akufa a mumzindamo, napeza kuti khansa ya chiberekero inali yochuluka mwa akazi okwatiwa ndi amasiye, koma yosowa mwa masisitere. Zaka zoposa 100 zinapita anthu ali kulotera. M'zaka za 1960 ndi 1970 ambiri anakhulupirira kuti wolakwa ndi kachirombo ka herpes, kamene kamatulutsa matuza owawa kumaso ndi pa khomo la chiberekero pomwe. Kachirombo kameneko kamasautsadi banja, pakuti matuza ake amabwerabwera, ndipo akaphulika kukhala malo amodzi kumapweteka. Koma pa mlandu wa khansa kanapezeka kosalakwa. Amene anagwira mwini mlandu ndi Harald zur Hausen wa ku Germany. Iye ndi anzake anapeza m'zotupa za khansa kachirombo ka mtundu wa HPV, koyamba nambala 16 m'chaka cha 1983, kenaka nambala 18 m'chaka cha 1984, ndipo m'chaka cha 2008 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha nchitoyi.

HPV ndi fuko lalikulu la tizirombo, la mitundu yoposa 200. Ina ndiyo imatulutsa njerewere m'manja mwa ana a sukulu, ndipo iribe kanthu ndi nkhani ino. Mitundu 6 ndi 11 imatulutsa njerewere za kumaso, zimene kumudzi kawirikawiri amaziphatikiza ndi zobvuta zina pa dzina limodzi lakuti mauka. Njerewerezi zimayabwa, zimachititsa manyazi, ndipo mkazi amayamba kupewa mwamuna wake. Koma sizisanduka khansa. Choopsa pa izo ndi lumo la wodula mauka, pakuti limataitsa magazi, limafalitsa matenda ena, ndipo kachirombo kamatsala m'khungu momwemo. Mitundu yoopsa ndi yoposa 12, ndipo iyo siitulutsa kanthu kooneka ndi maso. Mwa iyo, mitundu 16 ndi 18 yokha imayambitsa khansa 70 mwa 100 ziri zonse za khomo la chiberekero.

Kachiromboka kamapatsirana pokhudzana khungu ndi khungu pamene mwamuna ndi mkazi akhala malo amodzi. Nkofala kotero kuti anthu ambiri amene anayamba za m'banja, amuna ndi akazi omwe, amakatenga nthawi ina pa moyo wao osadziwa. Mwa anthu 9 pa 10 ali onse thupi limakagonjetsa lokha zisanathe zaka 2. Bvuto liri pa otsalawo, amene kachirombo kakhazikika mwa iwo. Selo liri lonse liri ndi alonda ake, amene amaliletsa kuchulukana likaonongeka, ndipo likaonongeka kwambiri amalipha. HPV imapanga mapuloteni awiri, otchedwa E6 ndi E7, amene amamanga alondawo manja. Chotero maselo opotoka amapitirira kubala anzao opotoka. Mwa mkazi wa thupi lolimba zimatenga zaka 15 kufikira 20 kuti pafike pa khansa. Mwa mkazi amene chitetezo cha thupi lake chafooka, monga wa HIV wosamwa mankhwala, zaka 5 kufikira 10 zikwana, ndipo bungwe la za umoyo la dziko lonse, la WHO, limati akazi a HIV amadwala khansa imeneyi kasanu ndi kamodzi kuposa anzao. Kusuta fodya nakonso kumathandiza kachiromboka kukhazikika.

Nyengo yaitali imeneyi, pamene maselo apotoka koma khansa isanayambe, madotolo amaigawa pa masitepe atatu, CIN 1, CIN 2 ndi CIN 3, poyang'ana kuzama kwa khungu limene lasinthika. Sitepe yoyamba kawirikawiri imabwerera yokha. Yachitatu njosayenera kuisiya, ndipo umboni wake unapezeka m'njira yomvetsa chisoni. Kuyambira m'chaka cha 1966, pa chipatala cha National Women's Hospital ku Auckland, m'dziko la New Zealand, dotolo Herbert Green anasiya akazi ena a sitepe imeneyi osawachiza mokwanira, pofuna kutsimikiza maganizo ake akuti siisanduka khansa. Ndipo akaziwo sanauzidwe bwino lomwe. Nkhaniyi inafufuzidwa ndi woweruza Silvia Cartwright, amene anatulutsa lipoti lake m'chaka cha 1988. Pamene akatswiri anawerenganso mabuku a odwalawo m'chaka cha 2008, anapeza kuti mwa osachizidwa, pafupifupi mmodzi mwa atatu ali onse anadwala khansa m'kati mwa zaka 30, koma mwa ochizidwa bwino sanakwane ndi mmodzi yemwe pa 100.

Apa pali bvuto la mau limene wophunzira chinenero ayenera kuliganizira. Namwino akapeza maselo opotokawa, kawirikawiri amauza mai kuti, "Mwapezeka ndi tizilonda pa khomo la chiberekero." Koma m'Chichewa chilonda ndi chinthu chowawa, chotuluka mafinya, chimene mwini amachimva. Mai amene sakumva kuwawa kwina kuli konse amaganiza kuti namwino walakwa, ndipo sabweranso. Mnzake wamantha amamva ngati wauzidwa kuti ali ndi khansa kale, nayamba kugawa ziwiya zake. Onse awiri asokera. Chimene chiripo si chilonda iai, ndipo si khansa. Ndi kachigawo ka khungu kamene kasinthika, kotheka kuchotsedwa tsiku lomwelo. Mau akuti "kachirombo" ndiwo oopsa koposa. Kuyambira m'zaka za Edzi, munthu akanena kuti uje ali ndi kachirombo, osatchula dzina lake, ali yense amamva HIV. Ndiponso maina awiriwa, HIV ndi HPV, amasiyana lemba limodzi lokha. Mai akabwerera ku mudzi nauza mwamuna wake kuti ku chipatala ampeza ndi kachirombo, nyumba ikhoza kupasuka usiku womwewo chifukwa cha lemba limodzi. Mphunzitsi wofotokoza nkhaniyi achita bwino kutchula dzina lonse nthawi iri yonse, ndi kunena poyera kuti tiwiriti nti tizirombo tosiyana, tosachizidwa mofanana.

Tsono nanga zimenezi zimaukhudza motani moyo wa mwamuna ndi mkazi? Pa thupi penipeni, maselo opotokawa sachita kanthu kakukulu. Sachotsa chilakolako, saletsa kutenga pakati, ndipo kawirikawiri sapweteka. Chizindikiro chimene nthawi zina chimaoneka, makamaka nthenda ikapita patsogolo, ndi timagazi totuluka atatha kukhala malo amodzi. Akazi ambiri amatibisa timagaziti, ena poyesa kuti ndi msambo wosokonezeka, ena poopa kuti mwamuna adzati anamnyenga pa masiku a kumwezi, pamene mwambo uletsa. Magazi otere, ndi magazi otuluka pakati pa misambo, ndi otuluka mwa mai amene analeka kale kusamba, ndi chikazi chonunkha chosamva mankhwala, zonsezi nzofunika kupimidwa msanga. Si nthawi zonse pamene zimatanthauza khansa. Kwa akazi a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ya Chilwa ndi mtsinje wa Shire, mazira a likodzo amakhazikika pa khomo lomweli natulutsa timagazi tofanana. Koma wosiyanitsa ziwirizi ndi wopima yekha, si agogo a pa mudzi.

Kupweteka kwakukulu kuli mumtima. Akangomva kuti nthendayi imadzera pa kukhala malo amodzi, funso loyamba m'nyumba limakhala lakuti wabwera nayo ndani. Mwamuna alibe chizindikiro, ndipo palibe kupima kumene zipatala zimachita mwa amuna masiku onse; chotero iye amaoneka woyera, ndipo mlandu umagwera mkazi, chifukwa ndiye amene wapimidwa. Kuweruza kotere nkosalungama, ndipo nkosemphana ndi m'mene kachiromboka kamakhalira. Popeza kamatha kukhala chete zaka 10 kapena 20, kupezeka kwake lero sikunena kanthu za dzulo kapena za chaka chatha. Mkazi amene sanadziwe mwamuna wina moyo wake wonse akhoza kukatenga kwa mwamuna wake, amene nayenso anakatenga ali mnyamata, ukwati usanaganiziridwe nkomwe. Ankhoswe amene aitanidwa pa mlandu wotere alibe mboni, ndipo dotolo yemwe sangathe kutchula tsiku kapena munthu. Komabe kukayikirana kukalowa, mkazi amadziyesa wodetsedwa, amaopa kupatsira mwamuna, amaopanso kuti kukhala malo amodzi kudzakulitsa nthendayo. Chilakolako chimazirala, thupi limauma, ndipo chimene sichinali kupweteka chimayamba kupweteka chifukwa cha mantha. Mwamuna akaona kuti akukanidwa, amatsimikiza zimene anali kuganiza kale. Chotero kachigawo ka khungu kosaposa chikhadabo kamazimitsa moto wa m'nyumba, ngakhale kuti pa kokha kalibe mphamvu yotero.

Kupima kunayamba ndi George Papanicolaou, Mgiriki wogwira nchito ku New York, amene anaonetsa kuti maselo opalidwa pa khomo la chiberekero akhoza kuyang'anidwa pa maikulosikopu. Buku lake ndi Herbert Traut linatuluka m'chaka cha 1943. Mkazi wake, Andromachi, anadzipereka kupimidwa kwa zaka zoposa 20 kuti nchito ya mwamuna wake itheke. Njira imeneyo inachepetsa imfa m'maiko olemera, koma imafuna akatswiri ambiri owerenga magalasi. Nchifukwa chake m'Malawi, kuyambira m'chaka cha 2004, inafala njira ya viniga. Namwino amalowetsa kachitsulo kotsegulira njira, napaka viniga pa khomo la chiberekero, nadikira mphindi imodzi. Malo osinthika amayera, ndipo amaoneka ndi maso pa kuwala kwa tochi. Njira yatsopano koposa ndiyo kufunafuna HPV yeniyeniyo m'chikazi, chimene mai akhoza kudzitenga yekha ndi kathonje, popanda kubvula pamaso pa munthu. Bungwe la WHO limalangiza kuti akazi ayambe kupimidwa pa zaka 30, koma a HIV pa zaka 25.

Malo osinthika akapezeka ali ang'ono, amawaumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri, kapena amawaotcha ndi kachitsulo kotentha madigiri 100 kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi. Chipatala cha Nkhoma, mothandizana ndi akatswiri a ku Scotland, chinatchuka ndi njira yachiwiriyi kuyambira m'chaka cha 2013, pakuti siifuna mabotolo olemera a mpweya, ndipo mai amapimidwa ndi kuchizidwa pa ulendo umodzi. Malowo akakhala aakulu, amawadula ndi kawaya ka magetsi. Kuumitsa ndi kuotcha sikuletsa kubala. Kudula kumaonjezera pang'ono ngozi yakuti mwana adzabadwe masiku asanakwane, makamaka ngati adula mozama. Chotero mai wotere akadzaima ayenera kuuza anamwino a sikelo.

Pambuyo pa chithandizo pamatuluka madzi kwa masabata angapo, ndipo banja limauzidwa kudika masabata 4 kuti khomo lipole. Ngati kudika kwalephereka, agwiritse nchito kondomu. Lamulo laling'onoli ndilo limagwetsa akazi ambiri. Ena amakana chithandizo pomwepo, nati ayambe akafunsa bambo kunyumba, ndipo sabweranso. Chodabwitsa nchakuti kudika si chinthu chachilendo pakati pa Achewa. Makolo ankadika mwana akabadwa kufikira tsiku lomtenga, ankadika pa maliro, ankadika pa chinamwali, poopa mdulo. Ndipo mwamuna wophwanya kudikako ankayesedwa wopanda khalidwe. Kusiyana kwake nkwakuti kudika kwa makolo kunkalengezedwa kwa onse awiri ndi akuluakulu, koma kudika kwa chipatala kumauzidwa mkazi yekha, kuti iye akakufikitse kwa mwamuna amene sanamve mau a namwino. Pamene mwamuna waitanidwa namva yekha, zinthu zimayenda bwino. Atapola, moyo wa m'banja umabwerera monga kale, ndipo mai amabwera kudzapimidwanso chitatha chaka.

Nkosiyana kutali ndi pamene khansa yakula. Pamenepo chiberekero chimachotsedwa, kapena chotupa chimaotchedwa ndi cheza cha makina. Chezacho chimaumitsa ndi kupanikiza njira ya mkazi, chimaleketsa msambo nthawi isanakwane, ndipo kukhala malo amodzi kumabvuta kwa nthawi yaitali. Osafika ku chipatala amataya magazi ndi madzi onunkha, nagona okha m'kanyumba ka kuseri. M'chaka cha 2020 akazi oposa 4,000 anapezeka ndi khansa imeneyi m'Malawi, ndipo pafupifupi 3,000 anamwalira nayo. Poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, Malawi anali pakati pa maiko obvutika koposa pa dziko lonse. Ambiri a iwo anali amai a pakati pa moyo, osiya ana m'makalasi momwe ophunzira uphunzitsi adzaphunzitsamo.

Katemera anachokera pa nchito ya akatswiri angapo, mwa iwo Ian Frazer ndi Jian Zhou a ku Queensland, m'dziko la Australia, amene m'chaka cha 1991 anapanga chikhokhombe cha kachiromboka chopanda moyo m'kati. Thupi likaona chikhokhombecho limakonzeratu zida, ndipo kachirombo keni keni kakadza kamapeza khomo lotseka. Katemera woyamba analoledwa m'chaka cha 2006. Rwanda anayamba kumpereka m'dziko lonse m'chaka cha 2011, ndipo Malawi anamuyesa ku Rumphi ndi ku Zomba m'chaka cha 2013. Ku Scotland, kumene anayamba m'chaka cha 2008, kafukufuku wa m'chaka cha 2024 sanapeze ndi mmodzi yemwe wodwala khansa imeneyi mwa akazi amene analandira katemera wokwanira ali ndi zaka 12 kapena 13. Pa 17 November 2020 bungwe la WHO linaika cholinga chakuti pofika 2030 atsikana 90 pa 100 akhale atalandira katemera asanakwane zaka 15, akazi 70 pa 100 apimidwe, ndipo 90 pa 100 a opezeka ndi bvuto achizidwe.

Mafunso amene makolo amabwera nao kwa mphunzitsi ndi awiri. Loyamba nlakuti, bwanji kubaya kamwana ka zaka 9, kosadziwa kanthu za amuna? Yankho liri m'funso momwemo: katemera amatseka khomo, satulutsa mlendo amene walowa kale, chotero ayenera kufika kachirombo kasanafike. Lachiwiri nlakuti, kodi si njira yobisika yoletsa atsikana kubala? Mphekesera imeneyi iribe umboni. Atsikana amene anabayidwa m'chaka cha 2006 ndi zaka zotsatira tsopano ndi amai a ana. Chimene chimalanda mkazi mphamvu yobala ndi khansa yomwe, pamene chiberekero chichotsedwa. Mphunzitsi ayeneranso kunena chimene katemera sachita: sateteza HIV, chindoko kapena chinzonono, ndipo sagwira mitundu yonse ya HPV, kotero kuti mtsikana wobayidwa adzayenerabe kupimidwa akadzakula. Ndipo mai amene wabwera kudzafunsa za mwana wake, ngati wapyola zaka 30 osapimidwapo, akhoza kuuzidwa mwaulemu, pa mbali, tsiku limene chipatala cha pafupi chimapima.